Pakhonde pa Eni Ake

Zaka zambiri za moyo wanga ndinazithera pakhonde la nyumba ina pa boma la Mchinji, nditaweramira makina osokera. Nyumbayo sinali yanga, ndipo sindinagonemo ngakhale tsiku limodzi. Koma ndinkaidziwa kuposa anthu onse amene anaigula ndi kuigulitsa, ndipo kudziwa kumeneko n'kumene kunandipweteka.

Inali ya njerwa zootcha, zofiira moderako, zosapaka pulasitala. Njerwa zake zinali zazikulu kuposa za masiku ano, ndipo khoma linali lochindikala moti mwezi wa Okutobala ukalitsamira unkamva kuzizira kumsana. Kutsogolo kunali khonde lalitali la nsanamira zisanu ndi imodzi, nazonso za njerwa, ndi masitepe atatu okwerera kuchokera kumsewu. Pamwamba pa khondelo khoma linkapitirira kukwera n'kubisa denga, likuchepa pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri ngati makwerero. Chitseko cha sitolo chinali cha mlombwa, cholemera, chotsekera ndi mpiringidzo wachitsulo. Mbali ina ya sitoloyo ndi kumbuyo kwake kunali nyumba yogonamo. Ife apanja tinkangoona chumuni, thanki ya madzi a mvula, ndi nsonga ya mtengo wa mandimu umene unali m'bwalo la mkati.

Anaimanga ndi Mmwenye wina wamalonda m'nthawi ya atsamunda. Bambo anga, mlimi wa ku Mkanda, anali m'gulu la anthu amene anaponda dothi ndi kuumba njerwa zake kudambo. Atakalamba, akabwera pa boma kudzagulitsa mtedza, ankakwera masitepe aja, n'kumenya nsanamira ndi chikhatho.

“Dothi langa ili,” ankatero. “Iwe ukukhala pa thukuta langa.”

Ndinkaseka, koma mawuwo anandilowa.

Mmwenyeyo ankagulitsa nsalu, shuga, mchere ndi palafini, ndipo ankalola matelala kukhala pakhonde pake chifukwa munthu akagula nsalu mkati ankafuna womusokera pafupi. Ine ndinaika makina anga pamenepo nditangokwatira kumene. Sipanapite nthawi yaitali, boma linalamula kuti Amwenye achoke m'madera a kumidzi apite m'mizinda ikuluikulu. Analongedza katundu m'lole n'kupita ku Lilongwe, ndipo nyumbayo inagulidwa ndi mkulu wina wa chipani wa m'dera lathu. Bambo ameneyo ankadziwa kuyankhula pamsonkhano, koma malonda sankawadziwa. Mashelefu anayamba kuyera mmodzimmodzi mpaka munangotsala sopo ndi machesi. Ife matelala sanatithamangitse. Ankangofuna kuti akamadutsa tiziimirira, ndipo tinkaimiriradi.

Itachitika referendamu, anthu atasankha zipani zambiri, mkuluyo anasiya kuoneka pakhonde. Anadwala, kenako anamwalira. Ana ake anali m'mizinda, aliyense ndi maganizo ake pa za nyumbayo, ndiye poyembekezera kuti agwirizane anaibwereketsa kwa munthu wogula mtedza amene anaisandutsa nkhokwe. Makoswe anachuluka, malata anayamba dzimbiri. Ine ndinkasesa khonde m'mawa uliwonse, ndipo njerwa ya pa sitepe itasweka ndinagula simenti pang'ono n'kuimata ndekha. Palibe anandituma.

Pakhonde paja tinatsala matelala awiri. Mnzangayo anali wa ku Dambe, wamng'ono kwa ine ndi zaka zingapo, munthu woseka kwambiri koma wa dzanja lolemera. Atafika sankatha kuika kolala ya shati, inkangoima ngati khutu la galu. Ndinamuphunzitsa ndine. Iye ankanditchula kuti achimwene, ine ndinkangoti iwe. Masana tinkadyera limodzi chinangwa chophika kapena chimanga chootcha, titakhala pa masitepe n'kumawerenga malole opita kumalire.

M'zaka zimenezo njira ya ku Zambia inatseguka kwa aliyense. Tsiku lina mnzangayo anaphimba makina ake ndi nsalu.

“Achimwene, mundiyang'anireko. Ndikukaona ku Chipata, mawa ndabwera.”

“Ukakatenge chiyani kumeneko chimene kuno kulibe?”

“Zitenje. Amayi akuzifuna za kumeneko.”

Ndinamuuza kuti mapanga awiri avumbwitsa, telala azikhala pa makina ake. Anaseka n'kukwera lole. Anabwerako ndi mtolo umodzi, unatha kugulidwa m'masiku atatu. Anapitanso. Posakhalitsa mkazi wake anayamba kuyala zitenje kumsika, iye n'kumayenda kawiri pa sabata. Makina ake anakhala ophimbidwa miyezi, kenako zaka, ndipo makasitomala ake onse anabwera kwa ine. Ndinkadziona wopambana. Atagula galimoto yakale yonyamulira katundu ndinauza mkazi wanga kuti ya chitsulo chotopa ngati imeneyo sichedwa kumudyera chuma chonse.

Tsiku limene anandiuza ndimalikumbukira bwino. Anabwera masana, n'kukhala pa sitepe monga kale, n'kuthyola chimanga pakati kundipatsa mbali yaikulu.

“Achimwene, ana a malemu aja agwirizana. Nyumbayi ndagula.”

“Nyumba iti?”

“Inoyi.” Anamenya nsanamira ndi chikhatho.

Ndinamugwira dzanja, ndinamuyamikira, ndinati Mulungu ndi wamkulu. Iye ankayankhula mosangalala za malata atsopano ndi zotsegulanso sitolo, ine ndinkangoyang'ana dzanja lake pa nsanamira paja.

“Inu musasunthe,” anatero. “Malo anu ndi omwewa mpaka kalekale. Simupereka kanthu.”

Akanandithamangitsa bwenzi ndili ndi chifukwa chomudera. Koma anandikomera mtima, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa china chilichonse. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kumutchula kuti bwana. Poyamba ankaganiza kuti ndi nthabwala, n'kumaseka. Pambuyo pake anasiya kuseka, koma ine sindinasiye.

Anakonzadi nyumbayo. Anasintha malata, anathira mankhwala a makoswe, anapaka mafuta chitseko cha mlombwa mpaka chinawala. Amisiri atamuuza kuti apake pulasitala kuti ioneke yamakono, anabwera kudzandifunsa ine.

“Mukuti bwanji achimwene? Inu mukuidziwa nyumbayi.”

“Nyumba ndi yanu bwana. Ine ndine telala.”

Sanapake. Anati njerwa za bambo anga zizioneka. Ndinapsa mtima kuti ngakhale bambo anga omwe akuwatenga.

Atatsala pang'ono kulowamo, mkazi wake anabwera ndi mipukutu itatu ya nsalu yolemera ya maluwa obiriwira, yochokera ku Lusaka. Anagwada pambali pa makina anga monga ankachitira nthawi zonse.

“Alamu, tikufuna makatani. Palibe wina angatisokere koma inu. Tiyeni mukayeze mawindo.”

Umu ndi mmene ndinalowera m'nyumbamo koyamba, nditakhala pakhonde pake zaka zoposa makumi awiri. M'sitolo ndinkalowamo, koma chitseko cha kuseri kwa kauntala ndinali ndisanachidutsepo. Ndinavula nsapato popanda wondiuza. Pansi panali pa simenti yofiira, yosalala ngati mbale, yozizira kumapazi. Kumwamba kunali siling'i ya matabwa ang'onoang'ono olumikizana bwino, yotalika moti ngakhale utakwera patebulo sukanaigwira. Pabalaza panali malo osonkhapo moto omangidwa ndi njerwa zoimika mopendeka ngati nthenga za nkhanga. Zipinda zinkatsegukira m'bwalo la mkati, mmene munali mtengo wa mandimu uja. Zaka zonsezo ndinkaona nsonga yake yokha, ndipo ndinadabwa kuona kuti thunthu lake linali lokhota, lalikulu ngati ntchafu ya munthu.

Ndinayamba kuyeza. Panalibe mawindo awiri ofanana, lililonse linali ndi muyeso wake, ndipo khoma linali lochindikala moti pawindo munthu akanatha kukhalapo. Ndinalemba manambala m'kabuku kanga. Nditafika pawindo la pabalaza ndinasuzumira panja, n'kuona makina anga, mpando wanga wopanda choyedzamira, ndi pamene mapazi anga anadya simenti mpaka kukumba kadzenje. Windo limenelo linali kumbuyo kwanga zaka zonse. Mmwenye uja, mkulu wa chipani uja, onse ankaona msana wanga kuchokera pamenepo. Tsopano aziuona ndi munthu amene ndinamuphunzitsa kuika kolala.

Kumapeto kwa bwalo kunali kachipinda kena kotseka ndi loko wa dzimbiri. Ndinafunsa ngati namonso ndiyeze.

“Mmenemo ayi alamu,” mayiyo anatero. “Kiyi wake anasowa ndi ana a malemu. Tidzaona m'tsogolo.”

Anandipatsa tiyi wamkaka m'kapu ya mbale yake, ndinamwa nditakhala m'mphepete mwa mpando. Mwana wawo wamkazi, wa zaka ngati zisanu ndi ziwiri, anakhala pansi n'kumasewera ndi tepi yanga. Mwanayo ankadwala khunyu kuyambira ali wakhanda, bambo ake asanaone n'komwe njira ya ku Chipata. Ine ndinkadziwa zimenezo, chifukwa ndinawaperekezapo kuchipatala kangapo.

Makataniwo ndinawasoka bwino. Sindinasokepo chinthu china mosamala chonchija. Atapachikidwa, windo la kumbuyo kwanga linatsekeka ndi ntchito ya manja anga omwe, ndipo ndikatembenuka ndinkangoona maluwa obiriwira.

Lamlungu lotsatira a mphakati wathu wa kutchalitchi anapita kukadalitsa nyumbayo. Ine ndinati mutu ukundipweteka, koma mkazi wanga anapita. Anabwerako n'kukhala pamphasa m'kanyumba kathu ka zidina, ka zipinda ziwiri, kamene denga lake la udzu tinkalikonza chaka ndi chaka.

“Kwayenda bwanji?” ndinafunsa.

“Bwino,” anatero. “Madzi amatuluka m'khoma, bambo. M'khitchini momwemo. Amangopotokola.”

Sanandidzudzule. Anatenga ndowa n'kupita kumjigo. Ndinamuyang'ana akupita, ndipo chimene chinali m'chifuwa mwanga chinakula.

Sitolo inatsegulidwa, anthu anadzaza. Nanenso ntchito inandichulukira chifukwa ogula zitenje mkati ankatulukira kwa ine, monga zinalili nthawi ya Mmwenye. Ndinkadya bwino kuposa kale. Koma kasitomala aliyense wotuluka ndi nsalu ankandikumbutsa kuti ndikudya za mnzanga.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wa ku Ludzi kudzasoketsa yunifolomu ya mwana wake. Anali munthu wokonda nkhani. Ndikudula nsalu, anayang'ana chitseko cha mlombwa n'kutsitsa mawu.

“Koma atelala, mnzanuyu si uja ankasoka pompano? Zitenje zokha zingagule nyumba ngati iyi?”

Ndikanatha kunena kuti munthuyo ankagona m'malole, ankanyowa ndi mvula pamalire, mkazi wake ankapsa ndi dzuwa kumsika. Zonsezo ndinaziona ndi maso anga. Koma ndinapitiriza kudula.

“Ine sindidziwa mayi,” ndinatero. “Ndinalowamo kamodzi kukayeza mawindo. Muli chipinda china chimene sanandilole kulowamo. Chokhoma.”

“Chokhoma?”

“Ine ndangonena zimene ndinaona.”

Mayiyo anagwira pakamwa. Sindinawonjezere kanthu, ndipo sindinafunikire kutero. Pasanathe milungu iwiri nkhaniyo inabwerera kwa ine itavala zovala zina. Woyendetsa njinga wina anandinong'oneza kuti m'nyumbamo muli chipinda chosungiramo njoka yosanza ndalama. Wina anati mnzangayo anakakhwimira ku Zambia. Kenako ndinamva choipitsitsa: ankati matenda a mwana uja ndiye malipiro a chumacho, kuti bambo ake anamupereka.

Ndinali ndi mpata wokana. Anthu ankandifunsa ine, poti ndinali pakhomo pomwepo. Ndinkangogwedeza mutu n'kunena kuti za eni ake sindilowerera. Ndikaona amayi akufika pa masitepe, n'kukayikira, n'kubwerera osagula, mumtima mwanga munkabwera kachisangalalo kena konyansa. Kutchalitchi mkazi wa mnzangayo akakhala pa benchi, anzake ankasunthira kumapeto. Ana a kusukulu anasiya kusewera ndi mwana uja. Mkazi wanga anandiuza zimenezi akulira, osadziwa kuti gwero lake ndi mwamuna wake.

M'mawa wina mnzangayo anatuluka m'sitolo atanyamula chitsulo chozulira misomali. Anaima patsogolo pa makina anga.

“Achimwene, tengani tepi yanu. Tiyeni.”

Ndinamutsatira kudutsa kauntala, pabalaza, mpaka m'bwalo la mandimu. Mkazi wake anaima pakhomo la khitchini, sanandipatse moni. Iye analowetsa chitsulocho pa loko uja n'kukanikiza, loko anathyoka. Atakankha chitseko munatuluka mileme iwiri ndi fungo la chinyontho. Munali sikelo yothyoka ya Mmwenye uja, matumba owola, ndi mulu wa nsalu za chipani zodyeka ndi makoswe. Kumwamba kunali kawindo kakang'ono kodzaza ndi ukonde wa akangaude.

“Yezani,” anatero.

Ndinangoima.

“Yezani achimwene. Munadandaula kuti sitinakuloleni.”

“Ine sindinanene za njoka. Sindinanene za mwana.”

“Ndikudziwa. Ndafufuza mpaka ndamupeza mayi wa ku Ludzi uja. Simunaname ngakhale liwu limodzi.” Anaponya chitsulocho pansi. “Koma munamunyamulapo mwana uyu pamsana panu kupita naye kuchipatala, ine ndilibe ngakhale njinga. Munali pompo. Anthu atakufunsani munati chiyani?”

Ndinayang'ana sikelo ija.

“Ndinakulakwirani chiyani?” anafunsa, mawu atatsika.

Ndikanamuuza zoona, ndikanati palibe, kungoti unagula nyumba imene ine ndinkaisesa. Koma ndinati, “Pepani bwana ngati mwandimva molakwika.”

Anatembenuka n'kulowa m'nyumba.

Sanandithamangitse. Anaitana akuluakulu a mphakati kuti adzaone kachipindako, ndipo anakasiya kotsegula kuti aliyense wofuna asuzumire. Ena anakhulupirira, ena anati njokayo anaisamutsa. Dzina langa sanalitchule kwa wina aliyense. Malonda anabwerera pang'ono, koma mkazi wake anasiya kupita kumsika ndi kumisonkhano ya amayi. Ine ndi iye tinkapatsana moni m'mawa basi. Makina ake akale aja, amene anali adakali pakhonde ophimbidwa, anawatenga n'kuwapereka kwa m'bale wake ku Dambe.

Patapita zaka ziwiri anagulitsa nyumbayo n'kusamukira ku Lilongwe. Anauza anthu kuti akufuna kukhala pafupi ndi chipatala chachikulu chifukwa cha mwana. Nyumbayo anaigula ndi munthu wina wa malole amene sankakhala n'komwe m'boma lathu. Ameneyo anatumiza amisiri. Anapaka pulasitala khoma lonse n'kulipenta chikasu, anagwetsa chumuni, anadula mtengo wa mandimu kuti amange mabafa. Khonde analitseka ndi njerwa pakati pa nsanamira n'kuligawa tizipinda togona madalaivala oyembekezera kuwoloka malire. Kapitawo wake anandipatsa masiku atatu kuti ndichotse makina. Walira mvula walira matope. Ndinasamukira kumsika, pansi pa kashedi ka malata pafupi ndi ogulitsa kaunjika, kumene anthu ambiri amangofuna kuchepetsa thalauza kapena kuika zipi.

Mkazi wanga ndinamuuza zonse patapita nthawi, nditadwala malungo aakulu n'kuganiza kuti ndikufa. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kutuluka panja. Sabata yonse ankandiphikira, kundipatsa mankhwala, koma osayankhula nane. Nditachira anandiikira malaya abwino pabedi.

“Mupite mukapepese. Osati zija za mwandimva molakwika. Mukanene chimene munachita.”

Ndinakwera minibasi kupita ku Lilongwe. Ndinamupeza mnzangayo ali ndi imvi, ali ndi sitolo ziwiri ndi nyumba yatsopano ya mpanda. Anandilandira, anandikhazika pampando wabwino, ndipo ndinanena zonse monga zinalili, kuti ndinkamuchitira nsanje kuyambira tsiku limene anandiuza kuti wagula, kuti mawu aja ndinawanena dala, ndipo ndinkakondwa anthu akamabwerera pa masitepe. Anamvetsera ataweramitsa mutu.

“Ndinkadziwa achimwene,” anatero. “Ine ndinakhululuka kalekale. Mwachita bwino kubwera.”

Anatuma wantchito kukaitana mkazi wake. Wantchitoyo anabwerako n'kunena kuti amayi akuti atanganidwa. Tinadikira. Anapita yekha kukawaitana, ndipo ndinamva mawu awo chapansipansi kuseri kwa chitseko. Anabwerako yekha.

“Mumumvetse,” anatero. “Iyeyu ndi amene ankakhala pa benchi paja kutchalitchi.”

Ndinati ndamvetsa. Tinadya awiri, tikukamba za mtengo wa feteleza ndi anthu a kwathu amene anamwalira. Anandiperekeza pa galimoto yake mpaka pokwerera minibasi, n'kundipatsa nsalu ya chitenje kuti ndikapatse mkazi wanga. Ndinalandira ndi manja awiri.

Ndikanakonda kunena kuti ndinabwerera mtima utayera. Manyazi analipo, chisoni chinalipo. Koma minibasi itadutsa Namitete ndinadzipeza ndikusisita nsalu ija ndi chala, ndikuganiza za mpanda wake, galimoto yake, ndi mmene zinthu zimamuyendera munthu ameneyu kulikonse kumene wapita. Ndinapinda nsaluyo n'kuiika m'jumbo. Ndinatsika pa boma dzuwa likupendeka, n'kudzera njira ya kuseri kwa msika kupita kunyumba, kumene mkazi wanga ankandidikira kuti amve ngati mkazi wa mnzanga uja anatuluka kudzandipatsa moni.